Kuswetsa Nsomba M'dziwe Lanu

Lero ndifuna kukamba nanu za kaswedwe ka nsomba za m'maiwe okumba. Alimi ambiri amadandaula kuti adyetsa nsomba caka cathunthu, koma pokolola apeza tinsomba tonga zala. Bvuto limeneli limayambira pa kuswana. Mlimi wodziwa kaswedwe ka nsomba zace amapeza ndiwo za banja lace, ndiponso mbeu yogulitsa kwa anzace.

Kuweta nsomba za kwathu kuno m'maiwe kunayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo malo oyeserapo nchitoyi anatsegulidwa ku Domasi, m'boma la Zomba. Mitundu iwiri imene alimi ambiri amaweta ndi makumba ndi cilunguni, koma kaswedwe kace nkosiyana.

Makumba amatere: yaimuna imakumba kadzenje konga mbale pansi pa dziwe. Pa nyengoyo thupi lace limada, ndipo nsonga za zipsepse zimafiira. Yaikazi imaikira mazira m'kadzenjemo, ndipo yaimuna ikathirapo mbeu yace, yaikaziyo imatola mazira onse nkuwasunga m'kamwa. Imakhala nawo milungu iwiri kapena itatu, osadya kanthu, kufikira tiana titayamba kusambira tokha. Cifukwa cace musakoke khoka m'dziwe loswetsera kawirikawiri, pakuti nsomba yodzidzimuka imalabvula mazira ndipo amaonongeka.

Cilunguni sicisunga mazira m'kamwa. Cimaikira pansi, pa madzi osaya a m'mbali mwa dziwe, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalondera mazira ndi tiana pamodzi. Tsono mbali imodzi ya dziwe ikhale yosaya, yolekeza m'maondo, ndipo mbali inayo ikhale yakuya mita imodzi.

Nsombazi zimaswana madzi akafunda, kuyambira mwezi wa October kufikira kumapeto kwa dzinja. M'cisanu ca June ndi July kuswana kumacepa, kudyanso kumacepa.

Nanga ncifukwa ninji nsomba zimapinimbira? Makumba amayamba kuswana akadali ang'ono. Mukawasiya onse m'dziwe limodzi, tiana timacuruka, cakudya nkucepa, ndipo palibe imene ikula. Nzofanana ndi cimanga cobzala mothithikana cosapatulira. Mankhwala ace ndi kukumba kadziwe kaciwiri. M'kadziwe kakang'onoko ikani makolo okha, yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu. Sankhani zazikuru ndi zamphamvu. Musagulitse zonenepa zonse nkusiya zopinimbira kuti zikhale mbeu, monganso simusunga mbeu ya cimanga cofumbwa. Tiana tikafika msinkhu wa cala, tiwoleni ndi kaukonde kofewa nkutisamutsira m'dziwe lalikuru, nsomba 2 kapena 3 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi.

Samutsani m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Musakhuthule ndowa msanga. Imizani ndowayo pang'onopang'ono kuti madzi a m'dziwe asakanikirane ndi a m'ndowa, tinsombato tituruke tokha.

Cakudya ca tiana ndi tizomera ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timabiriwiritsa madzi. Timeneti timacuruka mukathira manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe. Pisani mkono m'madzi kufikira pa cigongono. Mukaona cikhato canu bwinobwino, onjezani manyowa. Cikabisika mkono usanalowe kwambiri, kapena mukaona nsomba zirikupuma pamwamba m'bandakuca, lekani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano. Onjezani madeya tsiku ndi tsiku pa malo amodzi. Cilunguni cimakondanso masamba a mbatata, a cinangwa ndi cisoso.

Adani alipo: akatumbu, ng'azi, acule ndi mbalame. Mlamba umadyanso tiana, tsono ikani sefa polowera madzi kuti usalowe kucokera ku mtsinje. Lambulani udzu m'mbali mwa dziwe, pakuti m'menemo mumabisala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ana asakodzere m'madzimo.

Tsopano mau kwa inu mafumu. Dziwe lifuna dothi lamakande losunga madzi ndi kasupe kapena mtsinje wosaphwa. Pogawa malo, onetsetsani kuti wa kumtunda asatseke madzi onse, anzace a madimba kumunsi nasowa pothirira. Weruzani msanga milandu ya kuba nsomba, cifukwa mlimi wobedwa kawiri amataya mtima nasiya dziwe. Kumbutsaninso anthu anu kuti lamulo la za nsomba la 1997 liletsa kuika nsomba zacilendo m'madzi athu popanda cilolezo ca Boma. Nsomba yacilendo ikathawira mu mtsinje ikhoza kufika ku nyanja ndi kuononga cambo cathu.

Amene afuna mbeu yabwino yoyambira aonane ndi mlangizi wa m'dera lace mvula isanayambe. Tsalani bwino nonse.