Okopera Nyimbo za Okestra ndi Makompyuta Awo

Oimba akamalowa mu situdiyo ya Abbey Road ku London kukajambula nyimbo za filimu, aliyense amapeza pepala lake lili kale pamalo: wa vayolini lake, wa lipenga lake, wa ng'oma lake. Mapepalawo amakhala atadutsa m'manja mwa anthu atatu. Wopeka amabweretsa nyimbo, wina amaigawira zida, ndipo wokopera amalemba mbali ya woimba aliyense. Ku Los Angeles kuli makampani a ntchito yomalizayi, monga JoAnn Kane Music Service.

Kale wokopera ankadalira inki ndi lula. Pulogalamu ya pakompyuta yolembera manotsi ya Finale idabwera mu 1988, kenako mu 1993 mapasa a ku England, Ben ndi Jonathan Finn, adatulutsa ina yotchedwa Sibelius pa makompyuta a Acorn. Eni a Sibelius, kampani ya Avid, atatseka ofesi yake ya ku London mu 2012, kampani ya Steinberg idalemba ntchito akatswiri a mu ofesiyo, ndipo mu 2016 adatulutsa pulogalamu ya Dorico. Mu Ogasiti 2024 eni a Finale adalengeza kuti aisiya, moti okopera amene adakulira pa iyo akuphunziranso ngati ana a sukulu.

Ofuna kulowa ntchitoyi amakonda kufunsa kuti agule kompyuta yanji, koma yankho limatengera mpando umene munthu akhalepo. Manotsi okha salemetsa makina. Wokopera amafuna sikirini yaikulu, makamaka yoimika chotalika, chifukwa tsamba la wotsogolera oimba, lomwe nthawi zambiri limakhala la A3, limanyamula mizere yokwana 30 kapena kuposa, kuyambira zitoliro pamwamba mpaka mabesi pansi. Pa laputopu yaing'ono amangoona theka, n'kumatsetsereka tsiku lonse, ndipo zolakwika zimabisala mmenemo. Amafunanso printa ya A3, kakiyibodi ka MIDI, ndi mabatani a manambala a kumanja aja, poti pa Sibelius kutalika kwa noti kumasankhidwa pamenepo. Chotsalacho ndi diso lake: ayenera kuika mapeto a tsamba pamene woimba akupuma, apo ayi atembenuza pepala ndi dzanja liti?

Amene amafunadi makina amphamvu ndi wopeka, chifukwa masiku ano wotsogolera filimu safuna kuona manotsi, amafuna kumva nyimbo asanalipire oimba. Ndiye pamafunika mawu ojambulidwa a zida zenizeni, monga a Vienna Symphonic Library kapena a BBC Symphony Orchestra amene Spitfire Audio idajambula ku Maida Vale. Amenewa amadya magigabaiti mazanamazana, ndipo ambiri amayenera kukhala mu RAM nthawi imodzi. Nchifukwa chake opeka amasaka RAM ya 32 kapena 64 GB ndi SSD yothamanga. Khadi lodula la zithunzi lomwe osewera magemu amalilira, apa ndi kutaya ndalama.

Wongofuna kumva ngati zida zikugwirizana angakhutire ndi pulogalamu ya NotePerformer, yomwe imayenda bwino pa laputopu wamba, kapena MuseScore 4 ya mu 2022, imene ndi yaulere.