Mchira wa Mbululu Umapita Kuti?

Mvula ikakhazikika ku Mlowe, m'dera la Mfumu Mwamlowe m'boma la Rumphi, zithaphwi za kufupi ndi kumene mtsinje wa South Rukuru umathirira m'nyanja zimadzala ndi mbululu. Mwana wa sukulu amene angatunge imodzi m'botolo ndi kuisamala kwa masabata angapo adzaona miyendo ikuphuka, kenaka mchira ukufupika tsiku ndi tsiku kufikira utatheratu. Mchirawo suthothoka, sutuluka magazi, ndiponso suola. Chimene chimachitika n'chakuti maselo ake, ndiye kuti tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi la chamoyo chilichonse, amafa pa nthaŵi yake yoikika, ndipo thupi la chule limayamwa zotsala zake zonse.

Maselo amafa m'njira zingapo, koma ziŵiri ndizo zofunika kuzisiyanitsa. Msodzi akapsa dzanja ndi nyali yophera usipa, maselo a pamalopo amafa mwangozi. Amafufuma ndi kuphulika, ndipo zam'kati mwake zikatayika malowo amatupa ndi kuŵaŵa. Imfa ya mumchira wa mbululu ndi ya mtundu wina. Selo likalandira uthenga woti ntchito yake yatha limafota, limaduladula lokha DNA yake, kenaka limagaŵikana m'timatumba tomangidwa bwino timene maselo ena amameza mosachedwa. Pamalopo sipatsala chilonda ngakhale chipsera.

M'chaka cha 1972 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Aberdeen ku Scotland, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, anafotokoza imfa yadongosoloyi naitcha apoptosis, liwu la Chigiriki lonena za kuyoyoka kwa masamba mumtengo. Pambuyo pake kunadziŵika kuti dongosololi lili ndi chiŵerengero chake. Kanyongolotsi kena kochepa kwambiri kamapanga maselo 1,090 pokula, ndipo mwa ameneŵa 131 amafa, omwewomwewo nthaŵi zonse. Sydney Brenner, John Sulston ndi Robert Horvitz, amene anafufuza kanyongolotsiko, analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2002. Naye munthu amaumbidwa chimodzimodzi. Mwana akali m'mimba, zala zake zimayamba zili zolumikizana ndi khungu monga phazi la bakha, ndipo zimalekana pokhapokha maselo a pakati pake atafa.

Koma phindu lalikulu la imfayi lili pa kuteteza thupi. M'maselo muli puloteni wina wotchedwa p53 amene amagwira ntchito ya ulonda. DNA ikaonongeka, mlondayu amaimitsa selo kuti lisagaŵikane kufikira litakonzedwa, ndipo kukonzako kukalephereka amalilamula kuti life. Selo loonongeka limene lakana lamuloli limabala ena onga ilo, nawonso nabala anzawo. Umo ndimo mmene khansa imayambira.

Apa ndipo nkhani ya m'buku la Biology ikhudza mabanja a ku Mlowe. Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ochuluka koposa. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, monga anasonyezera Harald zur Hausen wa ku Germany, amene analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2008. Kachiromboka kakakhazikika m'maselo a khomo la chiberekero kamapanga puloteni wotchedwa E6, amene amachititsa kuti mlonda uja aonongedwe. Maselo oyenera kufa amakhalabe ndi moyo, ndipo pamatha kupita zaka 10 kapena 20 mayiyo osamva kanthu, khansa isanaonekere. Mitundu iŵiri yokha ya kachiromboka, wa 16 ndi wa 18, imayambitsa pafupifupi 7 mwa matenda 10 aliwonse a khansayi.

Pamene Unduna wa Zaumoyo unayamba kuyesa ntchito yopereka katemera wa HPV m'chaka cha 2013, unasankha maboma aŵiri, Rumphi ndi Zomba, ndipo atsikana a Sitandade 4 ndiwo anayambira kubayidwa. Mu Januwale 2019 katemerayu anafika m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Makolo ena amadabwa chifukwa chobayira ana aang'ono chotere, ndipo pakati pa kudabwako pamaloŵa mphekesera zoti katemerayu amatseka mimba, zimene zilibe umboni uliwonse. Yankho lake n'lapafupi, ndipo mphunzitsi aliyense ayenera kulidziŵa: katemera amatchinga kachirombo kasanaloŵe m'selo, koma sachotsa kamene kanaloŵa kale.

Kwa amayi amene anakula katemerayu asanabwere, chithandizo chili pa kuyezetsa. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene maselo ayamba kusokonekera amayera. Chipatala cha Nkhoma chinali pakati pa zoyamba m'Malaŵi kuchiza malo otere ndi kachipangizo kotentha pafupifupi madigiri 100. Kachipangizoko kamaikidwa pamalopo kwa nthaŵi yosakwana mphindi imodzi, maselo okana kufa aja amaphedwa, ndipo mayiyo amabwerera kwawo tsiku lomwelo.