Kodi mu utsi wa ndudu ya adadi muli chiyani?

Lero ndikamba nkhani ya kunyumba kwathu, ndipo musadandaule, eni ake andiloleza.

Adadi anga anayamba kusuta ali mnyamata ku Kasungu. Kuno ku Manchester anasiya kugula ndudu za m'paketi, masiku ano amapichira okha. Nditawafunsa chifukwa chake, anati: "Mwanawe, wopichira ali ngati chingambwe cha kwathu, alibe mankhwala a kufakitale." Ine ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ndinazolowera kuti chinthu chikandikayikitsa ndimafuna kuona zamkati. Ndiye ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga.

Chomwe ndinapeza n'chakuti vuto lalikulu ndi moto. Tsamba la fodya likapsa, utsi wake umakhala ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa. Kaya ndudu yachokera kufakitale, kaya mwapichira nokha, ikangoyaka basi, poizoni watuluka.

Tiyambe ndi chikonga, chomwe azungu amati nicotine. Chimafika mu ubongo pasanathe masekondi 20, ndipo ndi chimene chimachititsa chibaba, munthu n'kumalephera kusiya. Kenako pali mpweya wa carbon monoxide, womwewo umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweyawu umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200, ndiye mtima umagwira ntchito ya kalavulagaga kuti thupi lipeze mpweya wokwanira. Chachitatu ndi phula. Limamatirira m'mapapo n'kufooketsa titsitsi ting'onoting'ono tomwe timasesa zinyalala m'njira ya mpweya. Chifuwa cha m'mawa cha adadi chija chimachokera pamenepa. Mulinso benzene, arsenic, cadmium ndi formaldehyde, mankhwala omwe aja amakonzera mitembo kuti isawole.

Nanga chingambwe cha kwathu chija? Eti nachonso sichipulumuka. Gulu lina la mankhwala oyambitsa khansa, lotchedwa nitrosamine, limapangika tsamba likamauma, m'chigafa momwemo, fakitale isanalikhudze n'komwe.

Izi sizachilendo. M'chaka cha 1950, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anafalitsa kafukufuku wa odwala m'zipatala za ku London wosonyeza kuti kusuta kumagwirizana ndi khansa ya m'mapapo. Lero bungwe la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo sasuta, amangopuma utsi wa anzawo. Apa ndinaganizira amami, omwe akhala nawo pabalaza limodzi zaka zonsezi.

Kunena zoona, nkhaniyi imandivuta. Fizi ya adadi inachokera m'mabelo a fodya wa burley omwe agogo ankagulitsa ku okushoni. Popanda fodyayo, mwina sindikanabadwira kuno. Mpaka pano fodya ndiye mbewu yobweretsa ndalama zakunja zochuluka ku Malawi, ngakhale dzikolo linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023. Sindikunyoza thukuta la agogo ayi, koma mapapo sadziwa kuti tsamba linalimidwa ndi wachibale.

Chosangalatsa n'chakuti thupi silisunga mangawa kwambiri. Munthu akasiya, pakatha maola 12 carbon monoxide amatsika m'magazi kufika pa mlingo wabwinobwino. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ndi pafupifupi theka. Kuno ku England, chithandizo chosiyira fodya kudzera ku NHS n'chaulere.

Zonsezi ndinawafotokozera adadi m'Chichewa changa chopunduka chomwechi. Anaseka katchulidwe kanga, kenako anakhala chete. Sanasiyebe, koma avomera kuti Lachiwiri tipitire limodzi kuchipatala. Ndidzakuuzani mmene tayendera.

Mawu atatu a sabata ino ndi chikonga, chigafa ndi kupichira. Kawafunseni akuluakulu kunyumba, mwina nkhani yovuta ija ingayambire pomwepo.