Makina akale si onse osoka chikopa: zofunika kudziwa kwa woyamba ntchitoyi

Pa Chitakale, ku Limbuli, pa Nkando ngakhale pa Chinakanaka, wosoka nsapato sakhala manja lende. M'nyengo ya mvula nsapato za anthu ogwira ntchito m'minda ya tiyi zimamatuka msanga. Sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala makolo amabwera ndi zikwama zoduka zingwe, ndipo akabaza amafuna mipando yawo ikutidwe chaka chonse. Achinyamata ambiri amaona zimenezi n'kufuna kulowa nawo ntchitoyi, ena mpaka kumapanga malamba, nkhwayira ndi mawaleti.

Funso lawo loyamba limakhala la makina: agule ati, ndipo awapeza kuti? Apa ndi pomwe mpamba wa ambiri umalowera m'madzi. Munthu amagula makina akale akuda, olemera, poganiza kuti chitsulo chotere sichingalephere chikopa. Akafika nawo kunyumba singano zimangothyoka, ndalama yogulira chikopa itatha kale. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti: asoka chiyani, ndipo chinthucho ndi chokhuthala bwanji? Yankho lake ndi lomwe limasankha chikopa, zipangizo ndi makina.

Agule chikopa chotani?

Chikopa chochokera kwa opha mbuzi kapena ng'ombe pamsika sichinafike posokedwa. Chimayenera kufufutidwa kaye, apo ayi chimauma gwa kapena kuwola chikanyowa. Kufufuta ndi luso lina palokha, choncho woyamba amachita bwino kugula chofufuta kale kwa ogulitsa zipangizo za nsapato ku Limbe ndi ku Blantyre.

Zikopa zofufuta zili mitundu ikuluikulu iwiri. China amafufuta ndi makungwa a mitengo. Chimenechi chimakhala cholimba, chofiirira, chimamwa madzi, ndipo chikanyowetsedwa chimalola kupindidwa kapena kudindidwa maluwa ndi mayina. Ndi chabwino pa malamba, zikwama za mipeni ndi zingwe za nkhwayira. China amafufuta ndi mankhwala a chrome. Ichi ndi chofewa, sichiopa madzi kwambiri, ndipo nthawi zambiri chikadulidwa m'kati mwake mumaoneka motuwa mopita kubuluu. Ndi chimene amapangira pamwamba pa nsapato, majekete ndi zikwama za amayi.

Palinso lekizini, yomwe si chikopa koma pulasitiki yomatidwa pa nsalu. Imadziwika poitembenuza, pakuti kumbuyo kwake kumaoneka ulusi wolukidwa pomwe chikopa chenicheni chimakhala ndi timanyunyu. Lekizini ilibe mlandu pa mipando ya njinga zamoto ndi zikwama zotsika mtengo. Cholakwika ndi kuigulitsa m'dzina la chikopa, chifukwa ikayamba kusenda wogula sabwereranso ndipo amauza anzake.

Kukhuthala kwa chikopa kumayezedwa m'mamilimita. Cha waleti chimakhala cha milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, cha chikwama pafupifupi 2, cha lamba wa bambo 3 mpaka 4. Pogulitsa, ambiri amawerengera pa sikweya futi, yomwe ndi kachigawo ka masentimita pafupifupi 30 mbali zonse zinayi. Wogula atambasule chikopa chonse powala n'kuyang'ana mabowo, zipsera za nkhupakupa ndi malo omwe mpeni unalowa posenda. Chakumsana ndiye cholimba. Chakumimba chimatamuka, motero sichiyenera kudulidwa lamba.

Wophunzira asayambire pa chikopa chodula. Pa kaunjika pamapezeka majekete ndi zikwama zachikopa zong'ambika zomwe ogulitsa amazitsitsa mtengo msika ukamatha. Izi zimapereka chikopa chophunzirira, komanso mazipi ndi zitsulo za malamba zomwe zingagwirenso ntchito.

Zipangizo zoyambira ndi ziti?

Ntchito yambiri ya chikopa imatheka ndi manja. Zofunika ndi mpeni wakuthwa ndi mwala wonolera, lula yachitsulo, hamala, pulayala, panchi yoboolera malamba, sandipepa, guluu wa nsapato, ulusi wa nayiloni, phula la njuchi lopaka ulusi, ndi thabwa lodulirapo. Singano yokowa, yomwe amisiri ambiri amasula okha kuchokera ku sipoko ya njinga, imasoka soli ndi malo ena ovuta kufika. Wofuna kupanga nsapato zatsopano afunikanso zikombole za nsapato za masaizi omwe amayenda malonda kwambiri, osati onse nthawi imodzi.

Pa malamba ndi zingwe za zikwama, msoko wolimba koposa ndi wa singano ziwiri pa ulusi umodzi. Mmisiri amaboola mabowo motalikirana mofanana, kenako singano zonse ziwiri zimadutsa pa bowo lililonse, ina kuchokera uku ina uko. Ulusi ukaduka pamalo amodzi, mbali inayo imagwirabe. Msoko wa makina ukaduka umatha kumasuka mtunda wautali. Ichi n'chifukwa chake katundu wosokedwa bwino pamanja amatha kugulitsidwa mokwererapo, makamaka kwa alendo okwera phiri la Mulanje omwe amadzera ku Likhubula.

Guluu amavutitsa oyamba ambiri chifukwa cha changu. Malo omata apalidwe ndi sandipepa, akhale ouma ndi opanda fumbi. Guluu apakidwe mbali zonse ziwiri, asiyidwe mphindi 10 mpaka 15 kufikira atasiya kukakamira ku chala, kenako mbalizo zigundanitsidwe n'kumenyedwa ndi hamala. Guluuyu amayaka msanga ndipo fungo lake limapweteketsa mutu, choncho agwiritsidwe ntchito popita mphepo, kutali ndi mbaula.

Kodi makina a telala angasoke chikopa?

Makina akuda opalasa ndi miyendo omwe ali m'makonde a masitolo ambiri ndi a mtundu wa Singer 15, kapena ena otengera pamenepo monga Butterfly a ku China. A Singer okhala ndi chilembo K, monga 15K, anapangidwa ku fakitale ya ku Clydebank m'dziko la Scotland, yomwe inatsekedwa mu 1980. Kulimba kwake n'kosakayikitsa, ndipo mabobini ndi singano zake sizisowa. Koma anapangidwira nsalu.

Vuto lili pa kayendetsedwe ka chosokedwa. Makinawa amakoka ndi mano a pansi okha, pomwe phazi la pamwamba limangopanikiza. Chikopa chimakakamira ku phazilo, chapansi n'kumapita chapamwamba chikutsalira, msoko n'kukhota. Manowo amasiyanso zipsera. Angathe kusoka zikopa ziwiri zofewa za milimita imodzi chilichonse, monga za waleti kapena lekizini, ngati aikidwa singano ya chikopa ya saizi 16 kapena 18, yomwe nsonga yake imacheka m'malo mongoboola. Msoko utalikitsidwe kufika mamilimita 3 kapena 4, pakuti mabowo oyandikana kwambiri amang'ambitsa chikopa ngati pepala la lisiti. Lamba kapena soli ndi zosayesa n'komwe.

Makina a wosoka nsapato enieni ndi Singer 29K. Ali ndi mkono wautali wowonda womwe umalowa m'kati mwa nsapato kapena chikwama, ndipo phazi lake limatembenuka mbali zonse, kotero mmisiri amasoka chigamba popanda kuzunguza nsapatoyo. Malire ake ndi awa: kabobini kake n'kakang'ono, ulusi umatha msanga, salandira ulusi waukulu, ndipo sapyola kukhuthala kwa mamilimita 5 kapena 6. Ndi makina okonzera zinthu, osati osokera malamba ambirimbiri. Singano zake n'zosiyana ndi za telala, choncho wogula afunse kaye komwe azikazipeza.

Palinso timakina ta ku China topukusa ndi dzanja, toima pa miyendo itatu, tomwe timagwira ntchito mofanana ndi 29K. N'totsika mtengo, sitifuna magetsi, ndipo timanyamulika pa njinga kupita ku msika wina. Timabwera tokhakhala, motero timafuna kupalidwa, kuthiridwa oyilo ndi kuchunidwa moleza mtima. Wofuna kusoka zikwama ndi mipando yambiri tsiku lililonse ndi amene ayenera kuganiza za makina a m'fakitale okhala ndi phazi loyenda, lomwe limakoka chikopa pamwamba ndi pansi nthawi imodzi. Amenewa ndi odula ndipo ambiri amadalira magetsi.

Ayang'ane chiyani pogula makina akale?

Lamulo ndi limodzi: makina asagulidwe asanasoke. Wogula apite ndi zidutswa za chikopa chomwe azidzasoka, ndi ulusi wake, n'kusoka yekha pamaso pa mwini. Msoko uoneke bwino pamwamba ndi pansi, popanda kudumpha kapena kuunjikana kwa ulusi. Gudumu lizungulire mofewa popanda pogwira. Chitsulo chogwira singano chisagwedere chikakankhidwa ndi chala. Pa 29K aike msoko pa saizi yaikulu. Ngati ukutulukabe waufupi, ndiye kuti zitsulo zam'kati zinadyeka ndipo kukonzetsa kudya ndalama ina. Aonenso ngati mutu wa makina ulibe mng'alu kapena powotcherera, ndiponso ngati bobini ndi chosungira chake zilipo. Utoto wonyezimira ndi dzina lolembedwa mwagolide si umboni, pakuti zimenezi zimapakidwa. Kupita ndi telala kapena wokonza makina wodziwika n'kumupatsa kangachepe kumapulumutsa zambiri.

Chinyezi cha ku Mulanje ndi mdani wa zonse ziwiri. M'miyezi ya mvula ndi m'masiku a chiperoni chikopa chimachita chuku ndipo makina amagwira dzimbiri. Chikopa chikulungidwe osati kupindidwa, chiikidwe pamwamba podutsa mpweya, osati m'jumbo kapena pansi pa simenti. Makina azithiridwa oyilo wa makina osokera, osati mafuta ophikira omwe amauma n'kumata zitsulo, ndipo azifunditsidwa nsalu akaweruka.

Mtengo auwerengere bwanji?

Oyamba ambiri amaiwala kuti si chikopa chonse chomwe chimasanduka katundu. Mwachitsanzo chabe, chikopa cha masikweya futi 20 chitagulidwa pa K100,000, futi imodzi ndi K5,000. Koma ngati mafuti 4 atayika m'mbali ndi pa zipsera, otsala ndi 16, ndipo futi iliyonse yafika pa K6,250. Pamenepo awonjezere ulusi, guluu, zitsulo, thiransipoti ya ku Limbe, chiphaso cha pamsika ndi nthawi yake yomwe. Zidutswa zotsala zisatayidwe, chifukwa zimapanga zokolekera makiyi ndi zigamba za nsapato.

Njira yosaluzitsa ndi yoyamba ndi zipangizo za pamanja, kukhala miyezi ingapo pambali pa mmisiri wodziwa, kapena kufunsa ku TEVETA za maphunziro a ntchito zamanja, kwinaku akulandira ntchito zokonza. Ntchito iliyonse yomwe wabweza chifukwa chosowa makina azilemba m'kope. Pakatha miyezi itatu kapena inayi kopelo lidzaonetsa ngati anthu a pamsika wakewo akufuna zigamba za nsapato, zikwama kapena malamba, ndipo makina oyenera kugula adzadziwika pamenepo.