Nambala wani ndi kumchira: pomwe Malawi waima pa mindandanda ya dziko lapansi

Chaka sichitha mabungwe akuluakulu a dziko lapansi asanatulutse malipoti ondandalika maiko, kuyambira wopambana mpaka wotsiriza. Zimakhala ngati tsiku lotsekera sukulu ku pulayimale, ahedi ataima pansi pa mtengo n'kumaitana maina, makolo ali khutu tcheru kuti amve ngati mwana wawo wakhoza. Koma kuno ahedi ndi ambiri, aliyense ndi mayeso ake. Kwa wina dzina la Malawi limamveka koyambirira, kwa wina timadikira mpaka dzuwa kupendeka. Andale a mbali ya boma amatola lipoti lowakomera, otsutsa amatola lowawa, ndipo onsewo amati akunena zoona. Tiyeni tiwaike pamodzi malipotiwa.

Nambala wani amene sitinamukhetsere thukuta ndi nyanja. Palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa Nyanja ya Malawi. Akatswiri amati mitunduyi ndi yoposa 700, ena amafika nayo ku 1,000, ndipo yambiri, makamaka mbuna zija zimasewera m'miyala ya ku Cape Maclear, sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Mu Africa nyanjayi ndi yachitatu kukula, pambuyo pa Victoria ndi Tanganyika, komanso yachiwiri kuya, pafupifupi mamita 700. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa pa mndandanda womwewo mu 2006, malo 127, ndipo m'chigawo chapakati cha Africa mulibe kwina komwe zojambula zotere zinaunjikana chonchi. Zonsezi tinazipeza zilipo. Chomwe tachitapo ife n'kupha chambo ndi maukonde a udzudzu mpaka chasanduka ndiwo ya mabwana.

Nambala wani wochita kumugwirira ntchito anabwera mu 2020. Pa 3 February chaka chimenecho oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, anakhala tsiku lonse kuwerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500, anthu atazungulira mawailesi m'misika ndi m'maminibasi. Mapepala a zotsatira za chisankho cha May 2019 anali atapakidwa tipeksi, manambala kufufutidwa ena n'kulembedwa pamwamba. Khoti linati chisankho cha mtsogoleri wa dziko chichitikenso, ndipo wopambana azipeza mavoti oposa theka. Mu Africa ndi Kenya yokha yomwe inachitapo zotere, mu 2017, koma kumeneko a Uhuru Kenyatta anapambananso. Kwathu kuno pa 23 June 2020 otsutsa boma ndiwo anapambana, kanthu koyamba m'mbiri ya Africa pa chisankho chobwereza cholamulidwa ndi khoti. Magazini ya The Economist ya ku London inatcha Malawi dziko lopambana la chaka cha 2020, ndipo oweruza aja analandira mphoto ya Chatham House. Ovota omwewo, ndi lamulo lomwelo la mavoti oposa theka, anachotsa a Lazarus Chakwera, amene anapambana mu 2020 muja, mu September 2025 n'kubwezerapo a Peter Mutharika. Ukatamanda Amalawi pa 2020 uziwatamandanso pa 2025, pakuti luso lake ndi limodzi: kusintha boma popanda mfuti kulira.

Koma pomwe tatsogola kwambiri, ndipo sitidzitamandira mokwanira, ndi pa zaumoyo. Nkhani ya amayi oyembekezera omwe ali ndi HIV ndiyofunika kuifotokoza bwino. Chisanafike chaka cha 2011, malangizo a WHO ankati mayi ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, chija amati CD4, ndipo zotsatira zake ndizo zinkanena ngati ayambe kumwa ma ARV moyo wake wonse kapena angolandira mankhwala a kanthawi. Pa pepala zinali zomveka. Koma chipatala chaching'ono cha kumudzi chinalibe makina oyezera. Magazi ankatumizidwa kuboma, zotsatira n'kubwera patapita masabata, mwina osabwera n'komwe, mayi uja atabwerera kale kumudzi, mwina atachira kale, mwana akuyamwa. Akuluakulu a unduna wa zaumoyo anaona kuti kudikira makina n'kupha ana. Anagamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pompo, osayezanso zina, ndipo asadzasiye. Njirayi inatchedwa Option B+, ndipo Malawi ndiye anali woyamba pa dziko lonse kuiyamba, mu July 2011. Ena kunja anakayika, ati dziko losauka lingakwanitse bwanji mankhwala ochuluka chonchi. Manambala ndiwo anayankha: amayi oyamba mankhwala anachoka pa 1,257 m'miyezi itatu ya April mpaka June 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya July mpaka September 2012. Mu 2013 WHO inaika njira ya Malawi m'malangizo ake a maiko onse. Apa wophunzira ndiye anaphunzitsa aphunzitsi, ndipo chomwe chinatitsogoza si ndalama, koma kudziwa bwino mmene zipatala zathu zilili.

Pa 23 April 2019 tinakhalanso oyamba. Katemera woyamba wa malungo pa dziko lapansi, RTS,S, anayamba kuperekedwa kwa ana kusikelo kuno ku Malawi, Ghana ndi Kenya n'kutsatira pambuyo. Zomwe zinaoneka m'maiko atatuwa ndizo zinachititsa WHO kuvomereza katemerayu mu October 2021. Mu 2022 bungwe lomweli linalengeza kuti Malawi wathana ndi matenda a maso a trachoma, aja amapinda zikope kuti nsidze zizikanda diso mpaka munthu kuchita khungu, ndipo tinali oyamba kummwera kwa Africa. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake tinali titathananso ndi matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, achiwiri pambuyo pa Togo m'maiko a kummwera kwa chipululu cha Sahara. Onjezanipo ichi: kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Mbiri imeneyi eni ake ndi alangizi a zaumoyo a yunifomu yobiriwira ngati thambo, opalasa njinga ndi bokosi la katemera pakaliyala, amene maina awo salembedwa m'lipoti lililonse.

Tsopano titembenuze pepala.

Lipoti la chisangalalo, World Happiness Report, la 2025 linaika Malawi pa nambala 144 mwa maiko 147. Otsalira kumbuyo kwathu anali Lebanon, Sierra Leone ndi Afghanistan basi. Finland inatsogola kachisanu ndi chitatu motsatizana. Ambiri atamva anakwiya: ife omwetulira, olandira alendo, ovina ngakhale pa maliro, tingakhale osasangalala kuposa maiko omwe muli nkhondo? Koma ofufuzawo safunsa ngati unaseka dzulo. Amati: yerekeza makwerero a masitepe kuyambira 0 mpaka 10, pamwamba ndi moyo wabwino koposa womwe ungakhale nawo, pansi ndi woipitsitsa, iwe waima pati? Amafunsa anthu pafupifupi 1,000 pa chaka m'dziko lililonse n'kuphatikiza mayankho a zaka zitatu. A ku Finland amadziika pafupi ndi 8. Amalawi tinadziika pongopitirira 3. Palibe mzungu anatipatsa malikisi amenewa, tinadzipatsa tokha. Ndipo munthu amene wagona pa mzere wa mafuta, amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, amene thumba la feteleza lamukanika, akati "ndili pa 3" sakunama. Chodabwitsa n'chakuti Botswana, ndi miyala yake ya dayamondi, inali pa 142, Zimbabwe pa 143. Chuma cha boma pachokha sichikweza munthu pa makwerero aja.

Pa umphawi palibe chotsutsa. World Bank imati anthu pafupifupi 70 pa 100 aliwonse m'dziko muno ankakhala ndi ndalama zosakwana madola 2.15 pa tsiku pa kafukufuku wa 2019, chiwerengero chomwe chili m'gulu la zokwera kwambiri pa dziko lonse. Lipoti la UNDP loyeza chitukuko cha anthu, lomwe limaphatikiza zaka zomwe munthu amakhala ndi moyo, sukulu ndi ndalama, linatiika pa 172 mwa maiko 193 mu 2025. Chopweteka n'chakuti ambiri mwa omwe tili nawo kumunsiko, monga South Sudan, Somalia ndi Central African Republic, ali ndi chifukwa: nkhondo. Ife chilandirireni ufulu mu 1964 sitinamenyanepo nkhondo yapachiweniweni. Tilibe ponamizira.

Pali mbiri ina yomwe inatigwera osaifuna. Namondwe wa Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu February 2023, n'kuoloka nyanja yonse ya Indian, kumenya Madagascar, kulowa mu Mozambique, kubwereranso m'nyanja, kenaka n'kutulukanso. Bungwe la zanyengo la WMO linatsimikiza mu 2024 kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wodziwika, kupambana John wa 1994 amene sanakwanitse masiku 30. Mathero ake anali kwathu. Chapakati pa March mapiri anaphulika madzi, miyala ikuluikulu ngati nyumba inatsika m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, ndipo ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe midzi ina inasanduka mchenga. Omwalira ndi osowa anaposa 1,200. Izi zinachitika tili pakati pa mliri wa kolera woipitsitsa m'mbiri yathu, womwe unapha anthu oposa 1,700.

Lipoti la katangale la Transparency International ndi lomwe likuphunzitsa kuwerenga manambala mosamala. Mu 2023 tinali pa 115 mwa maiko 180, mu 2024 tinafika pa 107. Wina akhoza kuimba nthungululu kuti takwera masitepe asanu ndi atatu. Koma malikisi athu anali 34 pa 100 mu 2022, 34 mu 2023, ndi 34 mu 2024. Sitinasunthe, anzathu ena ndiwo anatsetsereka n'kutidutsa chobwerera. Denmark inapeza 90. Ndiye mukamva nduna ikunena za nambala, ifunseni za malikisi. Komanso malipotiwa si Baibulo. World Bank yomwe inathetsa lipoti lake lotchuka la Doing Business mu 2021 zitadziwika kuti manambala a maiko ena, kuphatikizapo China ndi Saudi Arabia, anasinthidwa mwachinyengo. Nawonso ali ndi tipeksi wawo.

Kubwalo la masewero atsikana ndiwo atipukuta misozi. Ma Queens akhala zaka zambiri m'gulu la matimu khumi apamwamba a ntchemberembaye pa dziko lonse, ndipo mu 2018 ku Gold Coast anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Mwawi Kumwenda anasankhidwa wosewera wopambana onse pa World Cup ya 2015 ku Sydney. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, kuposa 18 za Sam Kerr zomwe zinali mbiri, pamene mkulu wake Tabitha anatsogola pa zigoli ku Italy kenaka ku France. 

Nambala yomwe iyenera kutisowetsa tulo ndasungira kumapeto. Pa chiwerengero cha WHO cha 2020, Malawi anali wachiwiri pa dziko lonse, pambuyo pa Eswatini, pa kuchuluka kwa khansa ya khomo la chiberekero. Ndiyo khansa yomwe ikupha amayi ambiri m'dziko muno, kawirikawiri chifukwa amafika kuchipatala mochedwa, atayamba azungulira kwa asing'anga kapena atabisa matenda chifukwa cha manyazi. Komatu khansa imeneyi ndi yopeweka. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, komwe kali ndi katemera, ndipo boma linayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu January 2019. Ikapezeka isanakhwime imachizika, ndipo kuyezetsa kwake n'kwa mphindi zochepa, kwaulere m'zipatala za boma. Umphawi sitingauchotse chaka chino, namondwe sitingamuletse, koma dziko lomwe linatsogola pa Option B+ ndi pa katemera wa malungo lilibe chifukwa chokhalira m'gulu la otsogola pa matenda amenewa. Inu amene muli ndi mwana wamkazi wa msinkhu umenewu, onani m'buku lake la kuchipatala ngati anabayitsa. Amayi, kayezetseni mwezi uno, ndipo abambo, aperekezeni.