Chipinda chimodzi, ana asukulu awiri: muyambe kugula chiyani?

Teremu ikamayamba, m'misewu ya ku Lisungwi m'boma la Neno mumadutsa njinga zolemedwa: thumba la ufa pakaliyala, mphasa yokulungakulunga, ndowa ndi kapoto, mwana wasukulu akutsatira pambuyo wapansi. Amenewa ndi ana a selofu. Kwawo n'kutali ndi sukulu, ndiye makolo amawapezera kachipinda ka lendi pafupi kuti azikhala awiriawiri, pena atatu.

Nkhaniyi idachokera patali. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adachuluka m'sukulu. Mu 1998 boma lidasandutsa sukulu zakale za MCDE kukhala ma CDSS, sukulu zoyendera. Koma mwana wokhala makilomita 15 kuchoka pasukulu angayendere bwanji tsiku ndi tsiku, dzuwa la kunsi kwa Neno lili pamutu? N'chifukwa chake selofu sakutha, ngakhale akuluakulu a zamaphunziro samukonda kaamba ka mavuto omwe ana, makamaka atsikana, amakumana nawo.

Tsono lero tikambirane za katundu wa m'kachipindako. Ndalama zavuta, tonse tikudziwa. Chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mwaumva lero mawa ndi wina. Langizo langa kwa inu ophunzira ndi makolo ndi ili: ndalama zikachepa, chofunika kwambiri ndi ndondomeko ya kagulidwe. Yambani ndi zoteteza moyo, zitsatire zothandiza kuwerenga, zokongoletsa zibwere pamapeto ngati kanthu katsala.

Kambiranani musanagule

Ana ambiri a selofu sadanirana kusowa kwa katundu. Amadanirana funso loti katunduyo ndi wa yani. Mwasonkherana kugula poto mmodzi, teremu yachiwiri mnzanu wasamukira kwa azakhali ake. Poto uja mumudula pakati?

Ndiye chitani chonchi. Zinthu zokhalitsa musamasonkherane. Wina agule poto wamkulu, mnzake agule ndowa ndi beseni. Wina abweretse mbaula, mnzake nyale. Aliyense chake chidziwike, ngakhale muzigwiritsa ntchito limodzi. Zosonkherana zikhale zokutha monga mchere, sopo, machesi, mafuta ophikira ndi nkhuni.

Patulani tsamba lomaliza la kope, mulembepo katundu yense ndi dzina la mwini wake, nonse musayinire. Ufa muziyeza ndi mbale imodzi yomweyo pothira m'thumba la pamodzi. Zikuoneka ngati kukhwimirana, eti? Dikirani sabata yachisanu ndi chitatu, ufa ukamathera pansi pa thumba, mudzandikumbuka.

Makolo a mbali zonse ziwiri aonane ndi eni nyumba asanapereke khobidi. Safunsa adadya phula. Funsani: lendi ndi zingati ndipo ikuperekedwa tsiku liti? Pa holide katundu akatsala m'nyumba, tilipira? Denga likadontha akonze ndani? Chimbudzi ndi bafa akugwiritsa ntchito anthu angati? Mukalipira, eni nyumba asayine m'kope. Ngati mwatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake musafufute.

Chitseko ndi zenera

Katundu woyamba kugula si matiresi ayi. Ndi loko. Gulani loko wanuwanu wa makiyi atatu: wina wanu, wina wa mnzanu, wachitatu asunge kholo. Loko amene mwamupeza pakhomopo simukudziwa kuti makiyi ake ali ndi anthu angati.

M'kati muikemo chokhomera cholimba. Ndalama zikavuta, mpiringidzo wa mtengo wopingasa pachitseko umagwira ntchito yomweyo, ndipo mmisiri aliyense pamudzi akhoza kukukonzerani. Yang'anani mahinjesi: loko wabwino pachitseko chogwedera n'kutaya ndalama.

Pazenera pachikani chitenje chakale chochindikala, chopinda pawiri, kuti wodutsa panja usiku asamaone m'kati nyale ikayaka. Koma zeneralo lizitseguka. Mwezi wa Okutobala ku Lisungwi, chipinda cha malata chopanda potulukira mpweya chimasanduka uvuni, ndipo mutu wotenthedwa sugwira masamu.

Pogona

Yezani chipinda musanapite kumsika. Tiyerekeze kuti ndi mamita 3 mbali zonse. Matiresi a munthu mmodzi amakhala pafupifupi masentimita 90 m'lifupi. Awiri atenga mita imodzi ndi masentimita 80, pakati patsala mita imodzi ndi masentimita 20 basi. Pamenepo ndi poyenda, podyera ndi powerengera pomwe. Mukalowetsamo mabedi awiri, tebulo ndi mipando, mudzasowa popondetsa phazi.

Choncho bedi lidikire. Mphasa kapena mkeka pansi, kamatiresi pamwamba. M'mawa imikani matiresi kukhoma, pindani mphasa, chipinda chakula. Ngati pansi ndi pozira, yambani mwayala matumba a ufa osokerera pamodzi kuti chinyezi cha m'dzinja chisalowe m'zofunda. Kumalo otentha zinkhanira sizisowa, choncho kutumulani zofunda musanagone ndipo gugudani nsapato musanavale.

Pa matiresi ogwiritsidwa kale ntchito ndiye chenjerani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vundukulani nsalu yake, yang'anani m'misoko. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo zikalowa m'nyumba kuzichotsa kwake ndi nkhondo. Bola kugona pamphasa teremu yonse kusiyana n'kugula nsikidzi ndi ndalama zanu. Zofunda za pakaunjika zichapeni ndi madzi otentha, muziyanike padzuwa tsiku lathunthu.

Neti ndiye musanyengerere. Kunsi kwa Neno malungo ndi nkhani ya chaka chilichonse, ndipo sabata imodzi yogona ndi malungo ndi mitu ingapo ya Biology yokudutsani. Aliyense akhale ndi neti yake, aziipanikiza pansi pa matiresi kapena mphasa. Ikang'ambika isokeni tsiku lomwelo. Ena amati neti imabweretsa nsikidzi. Neti yatsopano siibwera ndi nsikidzi. Zimakhala zili kale m'ming'alu ya khoma ndi m'mphasa, mankhwala a netiyo amangozisokoneza n'kuyamba kuyendayenda poyera. Matani ming'alu, yanikani mphasa padzuwa, neti isachoke.

Madzi ndi chakudya

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Neno sidatsale. Pamalo pokhala ana ambiri, chimbudzi chili chimodzi, matenda otsegula m'mimba sachedwa kufala.

Mukufunika ziwiya ziwiri za madzi zosasinthanitsa. Ndowa yovindikira kapena chigubu cha malita 20 ndi cha madzi akumwa okhaokha. Beseni kapena ndowa inayo ndi yosambira ndi kuchapira. Chigubu chomwe mudali mafuta ophikira n'chabwino mukachitsuka bwino. Chomwe mudali mankhwala a mbewu, a thonje kapena petulo musachiyerekeze, ngakhale akupatseni chaulere. Alangizi azaumoyo amagawa kolorini. Thirani mlingo womwe akuuzani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Kapu yotungira ikhale yakeyake, yosamwera.

Mtsuko wadothi wovindikira ndi fuliji ya munthu wa ku Lisungwi. Madzi amazizira bwino ndipo mtengo wake ndi wochepa. Panja konzani mpondagiya: kachigubu, chingwe ndi timitengo, kasopo pambali. Mangani kathandala koyanikapo mbale. Zonsezi sizilira ndalama, zimangofuna Loweruka limodzi.

Thumba la ufa lisakhale pansi. Sanjani njerwa zinayi, ikani thabwa, thumba pamwamba, ndipo lisagunde khoma. Mukatero mwapewa chinyezi ndi chiswe. Makoswe akavuta, ndowa yokhala ndi chivindikiro cholimba imaposa thumba. Usipa, nyemba ndi mfutso ziikeni m'zitini kapena m'dengu lopachika kudenga.

Za kukhitchini musachulutse: mapoto awiri, wa nsima ndi wa ndiwo, mthiko, chipande, mpeni umodzi, mbale ziwiri ndi kapu kwa aliyense. Zambiri mwa izi zilipo kale kunyumba. Pemphani kwa amayi kapena agogo musanapite nazo ndalama pa Zalewa.

Mbaula isagone m'nyumba

Apa mvetsetsani, chifukwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha. Ukalowa m'thupi umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako amagona tulo tosadzuka. Ngozi yake imachuluka mu Juni ndi Julayi, kukazizira, nthawi yomweyo imene a Fomu 4 amachezera kuwerengera mayeso a MSCE atatseka chitseko ndi zenera.

Phikirani panja kapena pakhonde. Mukatha zimitsani moto, mbaula itsale panja. Ngakhale makala akuoneka kuti azima, musawalowetse. Mukapeza mnzanu wafooka m'chipinda momwe mudali mbaula, tsegulani chitseko, mutulutsireni panja pamphepo, thamangirani naye kuchipatala cha Lisungwi ndipo mukanene kuti m'nyumbamo mudali makala.

Kunena zoona, makala ndi odula kwa mwana wasukulu, komanso lamulo la zankhalango lomwe lidakonzedwanso mu 2020 lidakhwimitsa zilango kwa ootcha ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Chitetezo mbaula, ija yadothi, imadya nkhuni zochepa ndipo imayaka ndi mapesi a nandolo kapena zitsononkho zomwe mungabwere nazo kuchokera kumudzi.

Powerengera

Mudabwerera sukulu, choncho powerengera pasasowe. Magetsi amapangidwa pa Nkula ndi pa Tedzani, pamtsinje wa Shire, osati patali ndi kuno, komabe zipinda zambiri za lendi zilibe nthambo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi.

Kandulo amaoneka wotchipa pogula mmodzi. Koma werengani: teremu ya masabata 12 ili ndi masiku 84. Chulukitsani mtengo wa kandulo ndi masiku amenewo, muyerekeze ndi mtengo wa kanyale ka sola komwe mugula kamodzi n'kumatchaja ndi dzuwa laulere. Komanso kandulo ndi neti sizigwirizana. Wowerenga akangosinza, moto wabuka. Kanyale ka sola muzikayanika pomwe maso akuona, kapena mutenge kusukulu, chifukwa kamakopa manja aatali.

Tebulo? Njerwa zosanja mbali ziwiri, thabwa pamwamba, kachitenje kuyala, yatha. Mipando ndi zigubu zodzaza madzi kapena timipando tamatabwa ta kumudzi. Mabuku musaike pansi kapena m'katoni yogunda khoma, chiswe chingakudyereni manotsi a zaka ziwiri usiku umodzi. Pachikani kathabwa ndi zingwe ziwiri, kapena asungeni m'chikwama chopachika pamsomali. Zovala nazo zikwere m'mwamba: nsungwi imodzi yomangirira kudenga ndi wadiropu yokwanira anthu awiri, aliyense mbali yake. Musanakhome misomali pemphani kaye kwa eni nyumba.

Gwirizananinso za nthawi. Wina amakonda kuwerenga usiku, wina mbandakucha. Chitenje chopachika pachingwe pakati pa chipinda chimatchinga kuwala komanso chimapatsa aliyense povalira mwaulemu.

Matiresi a mphatso

Tsopano ndilankhule ndi inu atsikana, ndipo makolo mumvere limodzi. Kuli abambo ndi anyamata ena omwe amadziwa bwino lomwe kuti mwana wa selofu akugona pamphasa ndipo ufa wamuthera. Amabwera ndi chifundo: ndikugulire matiresi, ndikulipirire lendi, nayi foni. Mwana wanga, wokugulira matiresi mawa adzafuna kugonapo. Wokulipirira lendi adzafuna kiyi. Mathero ake timawadziwa tonse: mimba, matenda ndi sukulu yothera panjira.

Malamulo a dziko lino, chisinthire mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Wamkulu akamakuvutitsani, kaya ndi mwini nyumba, wa kabaza kapena mphunzitsi amene, uzani amayi a mother group, aphunzitsi omwe mumawakhulupirira kapena apolisi. Nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere.

M'kope lanu lija muonjezeremo lamulo la alendo: mlendo wamwamuna azichezera panja, dzuwa likalowa chitseko chitsekedwe, ndipo wina asamusiye mnzake kugona yekha osanena kumene wapita. Anyamata, lamulo lomweli likukhudzaninso. Chipinda chanu chikasanduka bwalo la juga ndi posungira katundu wa anzanu amene simukudziwa komwe wachokera, tsiku lina mudzayankhira mlandu wa eni.

Makolo, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sinthanani poyendera anawa, sabata ino a kuno, sabata ya mawa a uko. Nthawi zina mungotulukira osanena. Mukafika yang'anani thumba la ufa, gwedezani chitseko, onani ngati neti yapachikidwa. Mukaona katundu wachilendo amene simudagule ndinu, funsani modekha kuti wachokera kuti. Pezaninso mayi wachikulire wokhulupirika pafupi woti aziponya diso.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Teremu yoyamba gulani loko, neti, ndowa, mapoto ndi nyale. Yachiwiri, mukagulitsa nandolo kapena mbuzi, onjezerani matiresi. Galasi, kapeti ndi zithunzi zapakhoma zidzabwera nthawi yake. Pamene zotsatira za MSCE zikutuluka, palibe amafunsa ngati mwana ankagona pabedi kapena pamphasa. Chomwe tikufuna n'choti adzatuluke m'kachipindako ali moyo, ali bwino, satifiketi ili m'manja.