Metformin ndi glibenclamide: onse ndi a shuga, koma musasinthanitse

M'zipatala zambiri za boma, odwala matenda a shuga amachoka pawindo la mankhwala atanyamula metformin kapena glibenclamide, ena onse awiri. Popeza onse amatsitsa shuga, anthu amangoti "mapiritsi a shuga", ndipo wina akamuthera amakabwereka kwa mnzake. Kubwerekana kumeneku n'koopsa, chifukwa mankhwala awiriwa amagwira ntchito mosiyana, ndipo mtima sawalandira mofanana.

Mtima ukulowamo bwanji? Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha ya magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu wodwala shuga ali pachiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amene alibe. N'chifukwa chake posankha mankhwala sitiyang'ana nambala ya pamakina oyezera shuga yokha.

Metformin amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri m'magazi, komanso amathandiza thupi kumvera insulini yomwe lili nayo kale. Sanenepetsa, ndipo akamamwedwa payekha satsitsa shuga mopyola muyeso kawirikawiri. Kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 1998, adapeza kuti mwa odwala onenepa, kutsekeka kwa mitsempha ya mtima kudachepa ndi 39 pa 100 alionse pakati pa omwe ankamwa metformin poyerekeza ndi omwe ankadalira kusala zakudya. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe timayambira ndi metformin kwa munthu amene wapezeka ndi shuga atakula kale.

Vuto lake lili m'mimba. Masabata oyamba ambiri amatsegula m'mimba, amachita nseru, ena amamva ngati alumira chitsulo m'kamwa. Ambiri amasiyira pomwepa osauza aliyense, chonsecho zimenezi zimachepa munthu akamamwera pa chakudya ndiponso akayamba ndi piritsi limodzi la 500mg n'kumakwera pang'onopang'ono. Metformin amatuluka m'thupi kudzera mu impso, choncho amene impso zake zafooka kwambiri sapatsidwa. Wodwala akamasanza kapena kutsegula m'mimba kwambiri mpaka kutha madzi m'thupi, monga pa kolera, aimitse kaye metformin n'kuthamangira kuchipatala. Kachasu naye sayenderana ndi mankhwalawa. Ndipo amene akumwa ma ARV a TLD anene msanga, chifukwa dolutegravir amene ali mu TLD amachulukitsa metformin m'magazi, motero mlingo wake umafunika kuuonanso.

Glibenclamide ndi kapiritsi kakang'ono ka 5mg koma kamphamvu. Amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kapena sanadye. Amatsitsa shuga msanga, ndipo odwala ena amamukonda chifukwa nambala imaoneka bwino. Koma taganizani za agogo amene amwa piritsi m'mamawa mu Januwale, ufa uli wochepa m'nyumba, n'kupita kukapalira chimanga osaikako kanthu m'kamwa. Insulini ituluka ndithu, shuga woti itsitse palibe. Zoterezi zimachitikanso kwa osala kudya, kaya pa Ramadan kapena pa mapemphero a kuphiri.

Shuga akatsika kuchepera pa 4, kapena 70 pa makina owerenga manambala akuluakulu, munthu amatuluka thukuta lozizira, amanjenjemera, amamva njala yadzaoneni, mtima umagunda mothamanga. Kenako amayankhula zosokonekera, mwina kukwiya popanda chifukwa, n'kukomoka. Kumudzi ambiri amati waledzera kapena wamulodza, nthawi n'kumapita. Kwa munthu amene mtima wake ndi wofooka kale, kutsika kotereku kungasokoneze kagundidwe ka mtima. Onjezani apo kuti glibenclamide amanenepetsa, ndipo muona chifukwa chake WHO imati sali woyenera kwa anthu opitirira zaka 60. M'malo mwake imatchula gliclazide, wa m'gulu lomwelo koma wosatsitsa shuga mwankhanza chotere.

Pali misampha ina iwiri yomwe mavolontiya a zaumoyo ayenera kuidziwa. Bactrim, yemwe anthu ambiri a HIV amamwa tsiku ndi tsiku, angawonjezere mphamvu ya glibenclamide. Ndipo mankhwala ena a BP ndi mtima, monga atenolol ndi propranolol, amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kuja, moti wodwala sazindikira kuti shuga watsika. Thukuta limatsalabe ngati chenjezo. Mukamayendera odwala, auzeni azipita kuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala omwe akumwa, osati buku lokha.

Sindikunena kuti glibenclamide atayidwe. Kwa munthu wazaka za m'ma 40, wa impso zabwino, wodya pa nthawi yake, amene metformin payekha wamulephera, amathandiza ndithu, ndipo nthawi zambiri ndiye amapezeka. Mankhwala atsopano monga empagliflozin, omwe WHO idawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, amateteza mtima ndi impso, koma mtengo wake ndi wokwera kwa mabanja ambiri. Palibenso limodzi mwa mapiritsi awiri athuwa lomwe limatsitsa BP. Wodwala shuga aziyezetsanso kuthamanga kwa magazi, achepetse mchere, asiye fodya.

M'nyumba momwe muli munthu womwa glibenclamide musasowe shuga wa mu tiyi. Zizindikiro zija zikayamba, sungunulani masipuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi m'madzi, amwe, kenako adye phala, nsima kapena mbatata. Akapeza bwino apitebe kuchipatala tsiku lomwelo, popeza glibenclamide amakhalitsa m'thupi ndipo shuga angatsikenso usiku. Ngati wakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mupezereni transipoti mwachangu, ndipo mukanene dzina la mankhwala amene amamwa.

Makolo, agogo akabwera kudzacheza, funsani komwe aika mapiritsi awo. Piritsi limodzi la glibenclamide lingagwetse shuga wa mwana wamng'ono, ndipo zizindikiro zingachedwe maola angapo. Mwana akameza, pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti akusewera bwinobwino.